Nkhope Imodzi, Manda Awiri

Chiliza cha atsibweni anga a Jolamu tinachivundukula mwezi watha kwathu ku Kabudula, patatha chaka chimwalirireni. Abusa atachotsa nsalu yoyera ija, anthu anayamba kunong'onezana kuti chithunzi chili pamwalapo chachita kufanana, ndipo akazi awo, azakhali a Nankhoma, anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati maliro ndi adzulo. Ine ndinaima kumbuyo kwa amayi a mpingo, nyimbo osaimba, misozi osatuluka. Nkhope imene ili pa chiliza chimenecho ndinkaidziwa kale, koma ndinkaidziwa ngati nkhope ya amayi anga. Mpaka lero mutu wanga sukugwira, ndipo ndikulemba izi kuti mwina ndimvetse kuti tinaona ndani tsiku lija.

Amayi anga, a Esitere, anali mlongo wawo wa atsibweni, wobadwa mopondana nawo. Anamwalira ine ndisanayambe sukulu, chaka cha referendamu, pamene anthu ankakangana za nyali ndi tambala. Moyo wawo wonse sanaimepo kutsogolo kwa kamera. Maliro atatha, atsibweni anatenga duku limene amayi ankakonda, la timaluwa ting'onoting'ono, analimanga pa chipanda monga mmene mwini wake ankamangira, n'kukhala pansi ndi pensulo. Duku analijambula akuliona, nkhope anaichotsa m'mutu mwawo. Chithunzicho anachiika mu fulemu ya galasi n'kuchipachika kwa agogo, kumene ndinakulira, ndipo nditakwatiwa ndinapita nacho kunyumba kwanga. Ndikamati amayi, ndinkanena chithunzi chimenecho, chifukwa ena ndinalibe.

Kuyambira pa Nsaru mpaka ku Kasiya atsibweni ankadziwika kuti a Pensulo, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe kuti ali ndi dzina la ubatizo. Anali amtali, adazi, osachedwa kupsa mtima, ndipo pensulo sinkachoka pa khutu lawo ngakhale m'tchalitchi. Ankagwirira ntchito pakhonde la nyumba yawo, kuseri kwa msika wa pa Nsaru. Zikwangwani za magolosale zinkachokera pamenepo, mitu yometa bwino ya pa makoma a ometa tsitsi inkachokera pamenepo, ngakhale mtima ndi mapapo zimene aphunzitsi ankapachika m'makalasi. Zipani zitachuluka, ankajambulira chilichonse chizindikiro chake, m'mawa ichi, masana icho. Akulu a mpingo atawaitana kuti afotokoze bwino mbali imene iwo ali, anayankha kuti utoto sugula khadi la chipani, ndipo anatuluka msonkhano usanathe. Anakhala miyezi osadya mgonero chifukwa cha yankho limenelo, koma sanapepese.

Ntchito imene inawatchukitsa inali yojambula akufa. Masiku amenewo anthu ambiri ankamwalira ngati amayi anga, osasiya chithunzi, ndiye abale ankabwera pakhonde paja kuti a Pensulo awabwezere munthu wawo. Ankawakhazika pa benchi n'kuyamba kuwafunsa mafunso okhumudwitsa. Sankafunsa kuti mphuno inali yotani. Ankafunsa kuti malemuyo ankatafunira mbali iti, akakwiya ankayang'ana pansi kapena kumwamba, akamaseka ankaphimba pakamwa kapena ayi. Anthu akamayankha, iwo diso lili pa nkhope zawo, akuba chipumi kwa mchimwene, akuba chibwano kwa mwana. Ankayamba ndi mutu wosavala, makutu onse awiri ali poyera, kenako n'kumauveka tsitsi, chipewa kapena duku. Wina akazindikira kuti mphuno ija ndi yake n'kuyamba kudandaula kuti zimenezo ndi malodza, ankamuuza kuti nkhope si ya munthu mmodzi, ndi katundu wa pabanja amene munthu amangobwereka akadali moyo.

Pambali pa tebulo lawo panali msomali, ndipo pa msomalipo ankapachika galasi loonera kumbuyo la minibasi, limene anatola pa msewu wa ku Mchinji. Akamaliza chithunzi ankachionetsa ku galasilo n'kuchiyang'ana chili chotembenuka. Ankati dzanja likalakwa diso limalikhalira kumbuyo chifukwa ndi apachibale, koma galasi ndi mlendo, limanena zoona.

Chosekesa n'chakuti munthu amene anajambula akufa a midzi yonseyi sanasiye chithunzi chake. Kamera ankadana nayo koopsa. Ankati imamuona munthu kamodzi kokha n'kupita kukamunena kwa anthu ngati ikumudziwa. Mafoni atabwera tinayesetsa kuwabera pa maukwati ndi pa zinkhoswe, koma zimene tili nazo ndi chikhatho chawo, chigongono chawo ndi dazi akuthawa. Chokhacho chimene sakanatha kukana chinali cha pa chiphaso cha boma. Pamenepo anatuluka atatong'ola maso, ataluma mlomo, ndipo titachitulutsa pa nthawi ya maliro azakhali anachikankhira kutali.

"Ameneyu si mwamuna wanga," anatero. "Ameneyu ndi munthu woti wagwidwa ndi mbuzi ya eni."

Ndiye maliro a munthu amene anakongoletsa mapulogalamu a maliro a anzake anayenda ndi pulogalamu ya mawu okhaokha.

Kompyuta inalowa m'nyumba mwawo kudzera mwa mwana wawo woyamba, msuweni wanga Dalitso, amene amagwira ntchito ku Joni. Nthawi imeneyo ntchito ya zikwangwani inali itayamba kuzirala, eni magolosale akukasindikiza zawo ku tauni pa nsalu za pulasitiki. Dalitso anabwera ndi laputopu, kabolodi kakuda ndi cholembera chopanda inki.

"Ababa, za pamanja zatha. Phunzirani izi."

"Ndizijambula ndi chiwaya chimenechi?"

"Si chiwaya, ababa."

"Nanga chikutentha bwanji kunsiku?"

Dalitso atabwerera, atsibweni anachiphimba ndi nsalu ya pa wailesi n'kuchiiwala dzinja lonse. Chimene chinawavundukulitsa sindikuchidziwa bwino. Azakhali amati ndi tsiku limene anaona chikwangwani chawo cha pa chigayo, chimene ankanyadira, chitachotsedwa n'kutsekera khola la nkhumba. Poyamba ankatukwana, akuti dzanja likulemba apa pomwe chithunzi chikutuluka apo, ngati kudyetsa mwana uli kuyang'ana kumbali. Koma munthu uja anali ndi liuma, ndipo liuma lomwelo linawaphunzitsa. Pasanapite nthawi anayamba kupanga mapulogalamu a maliro, nkhope za pa malaya a chikumbutso ndi zithunzi zoika pa ziliza. Magetsi akazima ankanyamula laputopu kupita kwa wometa tsitsi amene anali ndi sola, n'kumajambula tsitsi la anthu likuwagwera pamapewa.

Zinthu ziwiri zinawasangalatsa ngati mwana. Choyamba, mu kompyuta chilichonse chinkakhala pachokha, maso paokha, khungu palokha, chipewa pachokha, ndipo ukadina kadiso kali pambali, chinthucho chinkabisala osakhudza zinzake. Zimenezi ankazitcha zovala. Chachiwiri chinali batani lobwerera m'mbuyo. Ankaitana odutsa kuti adzaone, akulemba mzere, akuufufuta, akuubwezanso. Ankati pa pepala labala imasiya chipsera, ndipo ukafufutafufuta pepala limabooka, ndiye limakuuza lokha kuti basi, leka. Kompyuta sikuuza kuti leka. Masiku amenewo ankanena zimenezi akuseka.

Tsiku lina anabwera kunyumba kwanga pa njinga kudzaona mwana wanga amene ankadwala. Ataona kuti mwanayo akusewera, maso awo anapita kukhoma. Chithunzi cha amayi chinali chitada ndi utsi, ndipo pakona panali banga lachikasu la chinyontho.

"Iwe Rute, mayi ako akhala mu utsi mpaka liti? Tandipatsa ndikawalowetse mu kompyuta. Mmenemo mulibe chinyontho, mulibe mphemvu."

"Atsibweni, asiyeni. Ali bwinobwino pomwepo."

"Kodi unawajambula ndiwe?"

Ndinawakulungira mu chitenje changa chatsopano, iwo n'kumangirira pa kaliyala.

Ndinawatsatira tsiku la msika. Ndili patali ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino, chifukwa azakhali ankasesa malo amodzimodzi osasuntha, ndipo atsibweni anali atakhala manja ali pa mawondo, pa khutu palibe pensulo. Pa tebulo panali galasi la fulemu ija, pakati pake pali chibanga chotuwa.

"Khala pansi, Rute," anatero. "Mayi ako ndawang'amba."

Anafotokoza osayang'ana kumbali. Asanatsegule fulemu anajambula kaye chithunzicho ndi foni, galasi lili pomwepo. Dzuwa linawala pa galasilo, ndendende pamene panali nkhope, koma maso awo anali atayamba kale kufooka ndipo pa kasikirini ka foni sanaone kanthu. Kenako anatukula galasi. Chinyontho cha zaka zonse zija chinali chitamatiza pepala ku galasi, makamaka pankhope pamene pensulo inali yochindikala. Nkhope inapita ndi galasi, pepala lotsala linangonyenyeka m'manja. Anatsegula laputopu kuti ndione chimene chinapulumuka. Duku linalipo, duwa lililonse likuoneka, mapewa analipo. Pakati panali poyera.

Ndinakwiya, ndipo sindibisa, mkwiyo umenewo sunatheretu ngakhale pano.

"Ndinakuuzani kuti muwasiye!"

"Unandiuza."

"Nanga ine ndipita ndi chiyani kunyumba?"

Anagogoda pa dazi ndi chala. "Ali muno. Ndinawatulutsa kamodzi, ndiwatulutsanso. Undipatse sabata imodzi."

Sabata imeneyo inasanduka zaka. Nthawi iliyonse ndikapita ku Nsaru, ndisanapereke n'komwe moni wokwanira, ankatembenuzira laputopu kwa ine. Duku linali lomwelo, koma m'kati mwake munkakhala mayi wina.

"Ndi amenewa eti?"

"Atsibweni, mukufunsa ine? Ine ndimawadziwira kwa inu."

"Unakula ukuwayang'ana tsiku ndi tsiku. Tanena, maso anali otalikirana chonchi?"

Sindinkadziwa. Chimenechi ndiye chinandiopsa. Chithunzi chimene ndinkachipatsa moni m'mawa uliwonse kuyambira ndili wamng'ono, chimene ndinachiuza za mayeso anga ndi za mwamuna wanga, sindinkatha kunena ngati milomo yake inali yotseka kapena yotsegula pang'ono. Ndipo nkhope yatsopano iliyonse imene ankandionetsa inkadya kachigawo ka yakale ija m'mutu mwanga. Ndinkabwerera kunyumba ndili ndi amayi ocheperapo kuposa amene ndinapita nawo. Ndinayesa kuleka kupitako, koma ankandiimbira foni, ndipo ine, chitsiru, ndinkakwera kabaza n'kupita ndi mtima woti mwina lero.

Ataona kuti ine sindikuthandiza, anapita ndi laputopu kumudzi pa ukwati wina, n'kusonkhanitsa amayi achikulire amene anavinidwa limodzi ndi amayi anga. Awiri mwa iwo, a Nabanda ndi a Nasoko, anatsala pang'ono kumenyana. A Nabanda ankati Esitere anali ndi mpata pakati pa mano, a Nasoko ankati wa mpata anali Esinati wa kutsidya. Atsibweni ankatsegula mpata, n'kutseka, n'kutsegulanso, malinga ndi amene wakweza mawu. Wina anati anali woyererako, khungu n'kuyera. Wina anati ayi anali wakuda bii, khungu n'kuda. Mayi wina ataona mphuno ikufutukuka n'kubwerera, anaimirira n'kukutumula chitenje.

"A Jolamu, mukumuvutitsa mlongo wanuyu. Musiyeni agone."

Atsibweni anabwerera ku Nsaru ndi nkhope zambiri kuposa zimene anapita nazo.

Kunyumba nako kunalibe mtendere. Ntchito za anthu zinayamba kuchedwa. Banja lina la ku Kasiya linaika maliro popanda mapulogalamu chifukwa a Pensulo anali otanganidwa ndi nsidze za mlongo wawo, ndipo mbiri imeneyo inayenda msika wonse. Azakhali ndi munthu wofatsa, koma tsiku lina ndili pomwepo anaima pakhomo manja ali m'chiuno.

"Abambo a Dalitso, amoyo tilipo kuno. Kodi tife kaye kuti mutiyang'ane?"

Sanayankhe mwaukali monga mwa chizolowezi chawo. Anangonena mawu akale aja, kuti likanakhala pepala likanawauza kuti basi, leka. Ulendo uno sanaseke. Azakhali anandiuza pambuyo pake kuti nthawi zina ankatenga pepala ndi pensulo kuti ayese njira yakale, koma dzanja linali litazolowera kubwerera m'mbuyo, chala chinkafufuza batani pa tebulo, ndipo ankakwinya pepalalo asanafike pa maso.

Chaka chomaliza, anthu atatha kukolola, anandiimbira kuti ndipite. Matenda a shuga anali atawaondetsa, ndipo ankajambula nkhope ili pafupi kugunda sikirini. Anatembenuza laputopu. M'duku lija munali mayi wachikulire, wa makwinya m'mbali mwa kamwa, akuyang'ana ngati munthu amene akufuna kukukalipira koma kuseka kukumupitirira. Aka kanali koyamba kuona nkhope imene ndinkaidziwa popanda kuganiza.

"Ndi amenewa," ndinatero, misozi ili chuchuchu. "Atsibweni, ndi amenewa."

Ndinkayembekeza kuti adumpha ndi chimwemwe. Anangovula magalasi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Wanena ndiwe," anatero.

Ndinafunsa za makwinya aja, poti amayi anamwalira ali mtsikana. Anayankha kuti akufa nawonso amakalamba limodzi ndi amene akuwakumbukira, ndipo ine ndinakhutira. Anandiikira chithunzicho mu foni. Nditakachionetsa kumudzi, a Nabanda ndi a Nasoko anagwirizana koyamba chibadwire, onse anati ameneyu ndiye Esitere, ameneyu timamudziwa. Atsibweni analonjeza kuti akachisindikiza ku tauni pa pepala labwino, koma mvula isanagwe anagonekedwa m'chipatala, ndipo sanabwerenso pakhonde paja.

Za chiliza tinayamba kukambirana Dalitso atabwera pa tchuthi. Osema ziliza a ku Njewa anati akhoza kuika chithunzi pa katailosi, bola tiwapatse chooneka bwino. Masana ena tinakhala pabalaza pa Nsaru, Dalitso akufufuza mu laputopu ngati mwina bambo ake anadzijambulako mobisa. Munali akufa a anthu ena okhaokha, ndi amayi anga ochuluka kwambiri. Anatsegula omaliza aja. Ine ndi Dalitso timatukwanizana zachisuweni kuyambira tili ana, ndipo tsiku limenelo ankandiseka kuti ine "mkazi wake" ndakalamba osadziwa ngakhale kugwira mawusi.

"Taona mmene ankachitira mdala uja. Chilichonse chili ndi chovala chake. Ukadina apa..."

Anadina kadiso ka pambali pa duku. Duku linazimirira.

Pa sikirini panali atsibweni. Mutu wosavala uja, umene ankayamba nawo chithunzi chilichonse, unali dazi lawo. Makwinya anali awo, kayang'anidwe kofuna kukalipa kaja kanali kawo. Khutu limodzi linali lopindika pang'ono pamwamba, pamene pankakhala pensulo. Dalitso anadinanso, amayi anabwerera. Anadinanso, abambo ake. Nthabwala zinamuthera.

Azakhali analowa ndi tiyi nthawi yomweyo. Anaika thireyi pansi, pasimenti penipeni, n'kuyandikira.

"Abambo a Dalitso," anatero chapansipansi, ngati akuwadzutsa. Anatenga nsonga ya chitenje n'kuyamba kupukuta sikirini pamene panali tsaya.

Kenako Dalitso anandiyankhula mwa ulemu umene sanandipatsepo chibadwire.

"Asuweni, chithunzichi ndi chanu. Ababa anajambulira inu. Mukakana, pa chiliza tingoika dzina, palibe adzakunenani."

Ndinayang'ana azakhali. Sanandipemphe kanthu, sananditembenukire n'komwe, ankangopukuta tsaya lija. Ndinkafuna kukuwa kuti amenewo ndi amayi anga, ndinawadikira zaka zonsezi, musawavule. Koma ndinatsegula foni yanga, kumene duku linali likadali pamutu, ndipo amene ndinaona anali atsibweni atavala duku. Sindinathenso kuwachotsamo.

"Tengani," ndinatero. "Koma dukulo musalitaye. Mundipatse."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuzunguza mutu. Nthawi zina ndimati maso anawanamiza, kuti ankatembenukira ku galasi la minibasi lija kuti aone zolakwika monga mwa masiku onse, n'kumakumana ndi nkhope yawo, n'kumaikopera pang'onopang'ono osadziwa. Nthawi zina ndimati ankadziwa bwinobwino, kuti ataona kuti mlongo wawo watha m'mutu anandipatsa chimene chinatsala, ndipo n'chifukwa chake anati wanena ndiwe. Ndikaganiza choncho ndimakwiya, chifukwa ndiye kuti anandinamiza ndikulira pamaso pawo. Kenako mkwiyo umasanduka chisoni, ndikakumbukira nkhalamba yodwala ija itawerama pa sikirini chifukwa cha lonjezo la sabata imodzi. Komanso mwina palibe ananamiza mnzake. Anali a mimba imodzi, obadwa mopondana. Mwina amayi akanakalamba akanaoneka choncho ndithu. Ndinafunsa a Nabanda ngati Esitere anali ndi khutu lopindika, iwo anandiyang'ana ngati ndapenga, akuti khutu la munthu wovala duku angalione ndani.

Atsibweni tinawaika kwathu, kwa amayi awo, monga mwa mwambo wathu, osati ku Nsaru. Ndiye manda awo ali pafupi ndi a mlongo wawo, kamtumbira kotitimira kopanda chiliza, kamene timakazindikira ndi nkhadze imene agogo anadzalapo. Tsiku lovundukula lija, nyimbo ili m'kati, ndinamva a Nabanda akunong'oneza kutsogolo kwanga.

"Koma ameneyu si Esitere?"

"Takhalani chete inu," anatero a Nasoko. "Ndi Jolamu."

"Nanga amuikiranji pa manda olakwika?"

Ndinatsala pang'ono kuseka pakati pa pemphero. Kwathu kumanda sitipita wamba, ndiye nkhope imeneyo ndidzaionanso pokhapokha wina akamwalira. Sindikudziwa kuti tsiku limenelo ndidzaipatsa moni wotani.

Sabata yatha ndinadzera ku Nsaru kukaona azakhali, ndipo ndinawapeza atapita kudimba. Ndinawadikira pakhonde. Tebulo anapatsa sukulu ya mkaka ya kutchalitchi, laputopu Dalitso anabwerera nayo ku Joni. Pasimenti patsala madontho a utoto wa zipani zonse, ndi timaenje tinayi pamene panali miyendo ya tebulo. Benchi ya ofedwa ilipobe, nkhuku zikugona pansi pake. Galasi la minibasi lili pa msomali wake, likuonetsa msewu wopita kumsika.

Ndinakhala pa mpando wa atsibweni n'kutsegula foni. Dalitso anasunga pangano, ananditumizira duku lokha. Lili chimangire, lozungulira ngati muli mutu, koma pakati palibe kanthu. Ndi chinthu chokhacho chimene atsibweni sanachikhudzepo zaka zonse zija, chokhacho chimene anajambula akuchiona. Ndikuliyang'ana choncho, ndinakweza maso n'kukumana ndi nkhope yanga m'galasi lija, ndipo ndinadzipeza ndikuyeza ngati mphuno yanga ingakwane pamalo poyera paja. Ndinaimirira msanga n'kulitembenuza galasilo kuti liyang'ane kukhoma.

Ndili mtsikana ndinawadandaulirapo atsibweni kuti anzanga amakumbuka nkhope za amayi awo, ine ayi. Anandiyankha akusongola pensulo, osandiyang'ana, kuti mwana wa kumsana saona nkhope ya mayi wake, amaona mfundo ya duku. Ndinaganiza kuti akungondithamangitsa kuti agwire ntchito. Sabata yatha pakhonde paja ndinakulitsa chithunzi cha duku ndi zala ziwiri, kumunsi, pambali pa malo amene pakanakhala khosi. Pali nsonga ziwiri za mfundo zimene zatulukira, ina yaitali, ina yaifupi yopindikira m'mwamba.

Zimenezo sindinafunse munthu. Yaitaliyo ndinkaikoka ine.